Timitengo Khumi Totsala

1. Bokosi la zidole

Chaka chimenecho chipale chofewa chinagwa mopanda ulemu. Pofika mwezi wa February chinali chitatseka mawindo a chipinda chathu chapansi, moti magetsi ankakhala chiyakire ngakhale masana. Ine Gus Trembath ndakhala m'chipinda chimenechi zaka khumi ndi zinayi, kudzutsa makompyuta akazima ndi kukalipira ophunzira amene amaika makapu a khofi pamwamba pake. Ambiri abwera ndi kupita, ena ndawaiwala ndi maina omwe. Koma Annika Lahti sindidzamuiwala.

Annika anali mwana wa konkuno kumpoto kwa Michigan ku America, wa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, wa chaka chachiwiri pa yunivesite. Anali wamng'ono kuposa tonse m'gulu la Pulofesa Halvorsen, koma dzina lake linali litalowa kale m'Chisa.

Chisa ndi pulogalamu yathu ya pakompyuta. Imamanga timapaipi ta kaboni, tating'ono moti diso silingatione, kenaka imatikoka ndi kutipinda kuti ione kulimba kwake. Maatomu a timapaipiti amalukana ngati chisa cha njuchi, n'chifukwa chake dzinalo. Sitigulitsa. Aliyense padziko lapansi angathe kuitenga, kuwerenga mzere uliwonse, ndi kutitumizira zake zoti tiwonjezere. Lamulo lathu ndi limodzi: chimene walemba, munthu wachiwiri ayambe wachiwerenga ndi kusainira chisanalowe.

M'chilimwe chapitacho Annika analemba gawo lowerenga zolumikizira, zimene zimagwirizanitsa atomu ndi inzake. Amene anamusainira anali Senthil Murugesan, mnyamata wa ku Madurai ku India amene ankamaliza digiri yake ya udokotala. Senthil ndiye anamutola Annika m'kalasi ya chaka choyamba, n'kumuphunzitsa zonse kuyambira pa kuyatsa makina.

Lolemba m'mawa Annika anapatsidwa ntchito yopepuka. Ana a sekondale ankabwera kudzationa sabata yotsatira, ndiye panafunika kapaipi ka pulasitiki koti agwire ndi manja. Anatulutsa bokosi la timipira takuda toimira maatomu ndi timitengo tofewa toimira zolumikizira, nafunsa Chisa kuti pafunika zingati. Chisa inati timipira 160, timitengo 250.

Anawerenga bwinobwino patebulo, nayamba kuluka. Atamaliza anapinda kapaipiko n'kulumikiza mutu ndi mchira ngati chibangili, chifukwa ndi mmene kompyuta imachitira kuti kapaipi kaoneke ngati kalibe mathero. Zonse zinakwanirana bwino. Koma patebulo panatsala timitengo khumi.

"A Gus," anandiitana, "mwandiwonjezera timitengo apa?"

"Ine ndi zidole zakozo? Ndili ndi zaka sikisite, mwanawe. Werenganso."

Anaphwasula chonse, nawerenganso, nalukanso. Panatsala khumi.

Pamenepo anasiya zidole natsegula kompyuta yake. Anawerenga gawo lake lija mzere ndi mzere, chala chili pagalasi. Sipanathe theka la ola, chalacho chinaima. Pamalo pamene mchira umakumana ndi mutu pali zolumikizira khumi. Gawo la Annika linkaziwerenga poyambira ulendo, n'kudzaziwerenganso pomaliza.

Pa kapaipi katali, ka zolumikizira zikwizikwi, khumi zowonjezera sizioneka. Koma pa kafupi, khumi pa 240 si zochepa. Kapaipi kafupi kankaoneka kolimba kuposa mmene kalili.

Annika anatembenuka nayang'ana kukhoma. Pamenepo panali chipepala chachikulu cha Senthil, chimene tonse tinkanyadira, cholembedwa kuti wapeza chinthu chatsopano: timapaipi tafupi n'tolimba kuposa tatali. Imeneyi ndiyo inali nkhani yaikulu ya m'buku lake la digiri. Mayeso ake omaliza, oima pamaso pa aphunzitsi asanu, anali Lachisanu sabata yomweyo.

2. Kusesa

Masana Senthil analowa akukutumula chipale pachipewa, kontena ya mpunga ili m'khwapa.

"Lahti! Ukuseweretsa zidole nthawi ya ntchito? Ndikakunenera."

"Kanene, bwana dokotala," anayankha Annika. Mawu anatuluka, koma kuseka kunakanika.

"Usanditche choncho Lachisanu lisanafike, ungandilodze. Tamvera, makolo anga akufika Lachinayi. Mayi anga akubweretsera maswiti a kwathu, a iwe wekha. Ndawauza kuti kuno ndili ndi kamlongo kamene kamandivutitsa ndi mafunso."

Akulankhula choncho, dzanja la Annika linakokera timitengo khumi tija m'mphepete mwa tebulo, n'kutiponya m'thumba la jekete. Ndinaona, koma sindinadziwe tanthauzo lake.

Senthil atapita kukatenthetsa chakudya chake, Annika anakonza cholakwacho. Unali mzere umodzi wokha, ntchito ya mphindi ziwiri. Akanalekera pomwepo n'kuitana anthu, bwenzi ndikumuyamika mpaka lero. Koma anapitiriza. Anasintha maina a tinthu tina topanda ntchito, anasuntha mizere, anachotsa mipata, mpaka zosinthazo zinakwana mizere makumi anayi. Mzere weniweni uja anaukwirira pakati. Pamwamba, pamene timalemba chifukwa chosinthira, anaika mawu atatu: "Kusesa zing'onozing'ono basi."

Anatumiza kuti asainiridwe, navala jekete, natuluka osatsazika.

Nzeru imeneyi ophunzira onse amaiona ngati aitulukira okha. Ndi yakale kuposa makompyuta athuwa.

3. Rula ya a Lorraine

Chinthu sichilowa m'Chisa osadutsa pa tebulo la a Lorraine Beaudoin. Mayi amenewa si pulofesa, ndipo safuna n'komwe. Asamala Chisa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Ophunzira amawaseka chifukwa chosintha chilichonse amachisindikiza papepala, n'kumawerenga ndi rula yamatabwa, mzere umodzi umodzi. Amawaseka chakumbali, osati pamaso.

Lachiwiri m'mawa Annika atangolowa, a Lorraine anamukodola. Tebulo lawo ndi loyandikana ndi langa, choncho ndinamva zonse.

"Khala pansi. Wasesa bwino, ndaona. Koma tsache lako latola chinthu cholemera." Rula inali itagona pansi pa mzere uja. "Uwu ukusesa chiyani?"

Annika anaweramitsa mutu.

"Unkawerenga kawiri," anatero motsitsa. "Ndakonza."

"Wakonza za mawa. Nanga za dzulo wakonza?"

A Lorraine anavula magalasi, ndipo ine ndinadziwa kuti nkhani italika.

"Tamvera, mwana wanga. Kulakwitsa sindikudandaula nako. Tsegula tsamba lathu la zolakwa, limene dziko lonse limawerenga, uwerenge dzina langa. Lilipo ka 31. Ndimalipeza ndi maso otseka. Wolemba pulogalamu amene sanalakwitsepo ndi amene sanalembepo kanthu. Chimene chandiwawa ndi mawu atatu awa pamwamba. Awa si kulakwitsa. Awa wawasankha.

"Ukuganiza kuti Chisa ndi ya m'chipinda muno? Gawo lakoli latuluka miyezi isanu ndi iwiri yapitayo. Pali anthu ku Brazil, ku Korea, ku Egypt, amene analitenga. Sitiwadziwa nkhope, sanatipatse kanthu, ndipo ifenso sitinawalonjeze kuti zathu zilibe vuto. Tinawalonjeza chimodzi chokha: kuti tikapeza vuto, tidzanena. Ukakonza mwakachetechete, amene adzatenge mawa adzapeza nambala ina, amene anatenga dzulo ali ndi nambala ina, ndipo palibe adzadziwe chifukwa chake. Adzakangana, adzadzikayikira, ena adzataya ntchito yabwino poyesa kuti olakwa ndi iwo.

"Sindikunena zongomva. Ndili wamng'ono pantchito ino ndinachita zimene wachitazi. Ndinapeza kuti ndinasokoneza muyeso pamalo ena, ndinachita manyazi, ndinakonza osauza munthu. Patatha zaka zitatu ndinalandira kalata ya mtsikana wina wa ku Poland. Anati, 'Mayi, chonde ndithandizeni. Zaka ziwiri ndakhala ndikuyesa kupeza nambala imene aphunzitsi anga anapeza ndi pulogalamu yanu, koma sizikutheka. Akuti ndine waulesi, ndipo ndikuganiza zosiya sukulu.' Mtsikanayo sanalakwitse paliponse. Iye ankagwiritsa ntchito yokonzedwa, aphunzitsi ake yakale ija. Ndinamuyankha tsiku lomwelo. Kalata yanga inamupeza atasiya kale.

"Kalata yake ili m'dirowa muno. Sindiitaya. Mlandu suwola, Annika, ndipo m'ntchito yathu ino mzere uliwonse uli ndi tsiku ndi dzina. Ine wa rula ndikadapanda kuuona, wina akanadzauona, mwina patatha zaka zisanu, iwe uli ndi dzina lalikulu loti ligwe."

Misozi inali italengeza m'maso mwa Annika.

"Koma a Lorraine, zikalembedwa sabata ino..."

"Sindikufunsa kuti ukuteteza ndani. Maso ndili nawo, khoma ndikuliona." Sanatembenuke n'komwe kuyang'ana chipepala cha Senthil. "Ichi sindisaina. Ukalembe patsamba la zolakwa ndi dzanja lako: chinalakwika n'chiyani, kuyambira liti, ndi ntchito zotani zimene ziyenera kubwerezedwa. Ndikupatsa mpaka mawa 12 koloko masana. Ngati pali chifukwa chenicheni cha ntchito chofuna masiku ena, udzandiuze, ndidzakumvera. Koma chikhale chenicheni. Ndipo usanalembe, amene zikumukhudza amve kwa iwe, asamve kwa makina."

Anavalanso magalasi, nasuntha rula kupita pa pepala lina. Nkhani inathera pomwepo.

4. Fosholo ziwiri

Lachitatu m'mawa ndinali panja, ndikuwaza mchere pamasitepe kuti anthu asaterereke. Chapafupi pomwepo Senthil ankakumba galimoto yake yakale imene inakwiririka mpaka padenga. Ankafuna kuyesa ngati ilira, poti mawa lake amakatenga makolo ku bwalo la ndege.

Annika anatulukira ndi fosholo ina nayamba kumuthandiza. Anakumba limodzi kanthawi.

"Lero wadya chiyani, aise?" anatero Senthil. "Iwe kundithandiza osakupempha?"

Annika anazika fosholo m'chipale.

"Senthil, gawo langa lija lili ndi vuto. Pamene mchira umakumana ndi mutu, limawerenga zolumikizira zina kawiri."

Ndinkayembekeza kuti mnyamatayo akuwa, kapena aseka poyesa nthabwala. Sanachite chilichonse mwa izi. Anapitiriza kukumba, kawiri, katatu. Kenaka anati:

"Khumi."

Annika anamuyang'ana kukamwa kuli yasa.

"Sindinakuuze nambala."

"Ndinaziona mu November." Mawu ake anali otsika, maso ali pa tayala. "Ndinkakonza chithunzi cha mutu womaliza wa buku langa, nambala zikukana. Ndinatsegula gawo lako, ndinauona mzerewo. Buku linali litapita kale kwa aphunzitsi asanu aja."

"Miyezi itatu! Ndipo Lolemba unabwera n'kumandiseka za zidole?"

"Ukanafuna ndichite chiyani? Ndinasainira ndine. Ndinawerenga mothamanga tsiku limenelo, ndinakukhulupirira. Ndikanena, wagwa ndiwe, ndagwa ndine, lagwa buku. Zaka zisanu, Lahti. Zaka zisanu za chipale ichi."

"Ndiye kuti timapaipi tafupi..."

"Sindikudziwa! Mwina n'tolimbabe pang'ono. Sindinayese kubwereza. Ndinkaopa." Anataya fosholo. "Tamvera. Sindikukuuza kuti ubise mpaka kalekale. Loweruka lokha. Ndidutse Lachisanu, Loweruka tilembe limodzi, maina athu onse awiri. Ndilumbire?"

"A Lorraine akudziwa. Andipatsa mpaka 12 koloko lero."

Senthil anatseka maso. Atawatsegula, analankhula mofulumira ngati munthu amene wapeza kanjira.

"Ukawauze kuti ukufuna masiku atatu oti uyese bwino zimene wakonzazo. Amakonda anthu osamala, avomera. Si bodza lenileni, kuyesa n'kofunikadi."

"Ndayesa kale. Dzulo lonse. Palibe chatsala."

"Iwo sakudziwa zimenezo."

Apa ine mchere unandithera m'manja, koma sindinachoke. Ndinakwiya naye mnyamatayo, komanso ndinamumvera chisoni, zonse pakamodzi.

"Bambo anga sanakwerepo ndege," anapitiriza. "Panopa ali m'mwamba. Asoketsa suti. Auza msewu wonse kuti akukaona mwana wawo akukhala dokotala. Ukufuna ndikawalandire ndi mawu oti chiyani? Iwe, ndani anakhala nawe masabata asanu ndi limodzi pamene sunkadziwa ndi potsegulira pomwe? Ndakupemphapo kanthu chiyambire?"

"Ayi."

"Ndiye ndikupempha lero. Masiku atatu, mlongo wanga."

Annika anatola fosholo yake.

"Lachisanu ukaima pamaso pa anthu aja, ukanena kuti tafupi n'tolimba?"

Senthil anatembenukira ku galimoto yake. Annika anapitiriza:

"Ine ndidzakhala pampando wakutsogolo, pafupi ndi mayi ako, ndikudya maswiti awo, ndikudziwa?"

Atatero, Annika anatembenuka. Anakwera masitepe n'kundidutsa ngati sanandione.

5. Isanakwane 12 koloko

M'chipinda munali zii. A Lorraine anali ndi rula yawo, osayang'ana wotchi ngakhale kamodzi. Senthil analowa cha m'ma 11, nakhala pa tebulo lake chofulatira. Annika anali atatsegula tsamba la zolakwa, koma kwa ola lathunthu munalibe chilembo.

Itakwana hafu pasiti 11, anaimirira napita kwa a Lorraine. Senthil anasiya kutaipa. Inenso ndinasiya zanga.

"A Lorraine."

"Ndikumva."

"Pa za masiku ena aja..." Dzanja lake linali m'thumba la jekete, ndipo timitengo tinkamveka kukhwekhwereza. "Sindikuwafuna. Ndimafuna mundiuze ngati tsiku loyambira vuto ndilembe limene ndinatumiza kapena limene zinalowa."

"Limene zinalowa," anatero a Lorraine, osadzutsa mutu.

Annika anabwerera nalemba. Mawu ake alipobe patsambalo mpaka lero:

"Ine Annika Lahti ndinalakwitsa m'gawo lowerenga zolumikizira. Kuyambira pa 9 July chaka chatha, zolumikizira za pamene kapaipi kamakumana mutu ndi mchira zakhala zikuwerengedwa kawiri. Timapaipi tafupi tikuoneka tolimba kuposa mmene tilili. Aliyense amene anayerekeza tafupi ndi tatali abwereze ntchito yake. Lolemba ndinayesa kukonza izi mobisa pansi pa mutu wabodza. Zimenezonso ndinalakwa. Pepani."

Za Senthil sanalembepo kanthu. Anawerenga kawiri, natumiza kutatsala mphindi khumi kuti ikwane 12 koloko.

Uthenga wa patsamba limenelo umapita kwa aliyense amene analembetsa, kuno ndi kunja komwe. M'chipinda mwathu mafoni analira motsatizana, yanga, ya a Lorraine, kenaka ya Senthil. Iye anayang'ana uthengawo nthawi yaitali. Kenaka anaimirira, napita kukhoma, nayamba kuzula mapini a chipepala chake chija, imodzi imodzi. Anachipinda bwinobwino, nachiika m'khwapa, natuluka. Podutsa pa tebulo la Annika sanatembenuke.

Annika anagwetsa nkhope m'manja nalira mosatulutsa mawu. A Lorraine anadzuka, natenga pepala limene Annika anatumizanso, lokhala ndi mzere umodzi uja, wokhawokha tsopano, nasainira. Analiika patsogolo pa Annika, namugwira paphewa.

"Ka 31 ine, kamodzi iwe," anatero. "Koyamba ndiko kowawa."

Ine ndinayesa kuti zatha. Ndinapita kukatenthetsa chitumbuwa changa cha nyama ndi mbatata, ndikuganiza zomugawira mwanayo theka. Pobwerera ndinapeza chitseko chili chotsegula, ndipo pakhomo panaima Pulofesa Halvorsen. Bambo amenewa satsika kuchipinda chapansi pokhapokha zinthu zitavuta. M'manja anali ndi pepala losindikiza kumene.

"Annika," anatero mofatsa, "wachita bwino kulemba. Mmodzi wa oyesa Senthil Lachisanu amagwiritsanso ntchito Chisa. Wawerenga uthenga wako, ndipo wandiimbira foni." Anayang'ana malo oyera pakhoma pamene panali chipepala chija. "Ngati ndi kulakwitsa chabe, mayeso tiwasuntha, abwereze ntchito, adzapeza digiri yake m'chilimwe. Koma ngati munthu analemba zimene ankadziwa kuti n'zolakwika, imeneyo ndi nkhani ina, ndipo digiri palibe. Senthil sakuyankha foni. Ndiye ndikufunsa iwe, poti ndaona kuti umanena zoona."

Annika anaimirira pang'onopang'ono. Jekete inakodwa pampando, ndipo timitengo khumi tija tinakhuthukira pansi, n'kumwazika mpaka kumapazi a Pulofesa. Palibe anawerama kutitola.

"Kodi Senthil ankadziwa?"